Mafunso ndi mayankho: kusamala maganizo m'chaka chatsopano muno mu Lusaka

Usiku wa pa 31 Disembala ambiri timauchezera kutchalitchi, ena kumowa, ena pakhomo, ndipo kukamacha aliyense amakhala atalonjeza kuti chaka chino asintha. Koma Januwale wa mu Lusaka sapereka mpata. Ndalama zinathera pa Khirisimasi, mwininyumba akufuna lendi, ana akufunika yunifomu ndi nsapato, madzi a mvula adzaza m'tinjira ta ku Kanyama, ndipo kumudzi ku Katete kapena ku Chadiza akuimba foni kuti chimanga chayamba chikasu, chikufuna feteleza wachiwiri. Mwezi womwe timalonjeza zikuluzikulu ndi womwenso mutu umalemera kuposa miyezi yonse. N'chifukwa chake mayankho ali m'munsiwa sakunena za zinthu zofuna ndalama kapena nthawi yomwe mulibe. Akunena zomwe munthu wa ku Mtendere, ku Matero kapena ku Chawama angayambe mawa lomwe, komanso pomwe zizolowezi zabwino zimalekera n'kufunika chipatala.

Kodi nkhani ya thanzi la maganizo si ya odwala misala okha?

Ayi. Thanzi la maganizo ndi kutha kugona, kudzuka, kugwira ntchito, kukhala bwino ndi anthu ndi kupirira mavuto osasweka nawo mtima. Zimenezi zimakhudza aliyense. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse anali ndi vuto lina lake la maganizo, makamaka nkhawa yopyola muyeso ndi matenda ovutika maganizo. Mukakwera minibasi ya anthu 16 pa Kulima Tower, awiri mwa iwo akhoza kukhala otero, ndipo simungawazindikire: avala bwino, alipira kondakitala, akupita kuntchito.

Chomwe chimatipweteka muno mu Lusaka n'chakuti dzina la Chainama tinalisandutsa chotukwanira. Chainama Hills ndi chipatala cha matenda a maganizo basi, chili pa msewu wa Great East kuyambira 1962, ndipo ambiri amalandira mankhwala kumeneko n'kubwerera kukagulitsa pamsika kapena kukaphunzitsa ana. Mu 2019 dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo la Mental Health Act m'malo mwa lakale la nthawi ya atsamunda, ndipo lamuloli limati wodwala maganizo ali ndi ufulu wopatsidwa ulemu ndi chithandizo ngati wodwala wina aliyense. Munthu amene amamva anzake akuseka za Chainama tsiku lililonse amabisa matenda ake mpaka atakula, ndipo pamenepo ndi pomwe nthabwala zathu zimavulaza.

Ndalemba zinthu zambiri zoti ndisinthe chaka chino. Ndiyambire pati?

Sankhani chimodzi, zinazo zidikire. Munthu amene pa 1 Januwale wasiya mowa, wayamba kuthamanga, wasiya shuga, walonjeza kumaliza Baibulo lonse ndi kusunga theka la malipiro, pofika pa 20 amakhala atazitaya zonse, n'kutsala akudziona wolephera. Kudziimba mlandu kumeneko kumamudya kuposa chizolowezi chomwe amafuna kusiyacho.

Chizolowezi chimagwira msanga mukachimangirira ku chinthu chomwe mumachita kale. Mukayatsa mbaula m'mawa, imani panja mphindi 5 kuwala kwa m'mawa kukufikeni m'maso. Mukatsika basi madzulo, foni ikhale m'thumba mpaka mutalowa m'nyumba n'kupereka moni. Mutandifunsa ine kuti choyamba chikhale chiti, ndinena tulo, chifukwa munthu wosagona amapsa mtima msanga, amaiwalaiwala, ndipo kavuto kakang'ono amakaona ngati phiri. Mukadumphitsa tsiku, mawa lake pitirizani pomwe munalekezera. Musadikire Lolemba, musadikire Januwale wina.

Ndingagone bwanji mokwanira m'chipinda chimodzi, bala ili pafupi, magetsi akubwera pakati pa usiku?

Malangizo ambiri a za tulo amaperekedwa ngati kuti aliyense ali ndi chipinda chakechake chogona. Muno si choncho. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, madera ambiri a mu Lusaka ankaona magetsi maola ochepa okha patsiku, kawirikawiri usiku. Amayi anazolowera kudzuka 1 koloko kusita ndi kuphika nyemba, owotcherera zitseko ndi mageti ku Kalingalinga ndi ku Garden ankagwira ntchito anzawo ali m'tulo. Ambiri kudzidzimuka kwa usikuko sikunawachoke mpaka lero.

Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Ngati nthawi yogona simungathe kuilamulira, gwiritsitsani nthawi yodzuka: ikhale yomweyomweyo tsiku lililonse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Thupi likazolowera kudzuka 5 koloko, tulo timayamba kubwera tokha madzulo. Musanagone zimitsani maswichi onse a mababu ndi wailesi, kuti magetsi akabwera asadzutse nyumba yonse. Foni isiyeni pa chaja patali ndi mphasa kapena bedi, idzadzaza yokha. Neti imangeni, chifukwa udzudzu wa mwezi uno umadzutsa munthu kangapo usiku umodzi ngakhale asakumbuke m'mawa. Phokoso la bala mukhoza kulichepetsa ndi kathonje m'makutu, ndipo anansi mukapita pamodzi kukadandaula mumamveka kuposa munthu mmodzi.

Tiyi wamphamvu, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu za m'tuntemba zili ndi kafini, ndipo theka la kafiniyo limakhala likadali m'magazi patapita maola pafupifupi 5. Dalaivala amene wamwa botolo 5 koloko madzulo asadabwe maso akamuuma gwa mpaka pakati pa usiku. Kugona masana kusapitirire mphindi 30.

Nanga maganizo akamazungulira, lendi, mwana wodwala, mawu omwe abwana ananena? Khalani ndi kapepala pafupi. Lembani chomwe chikukuvutanicho ndi chinthu chimodzi chomwe mudzachitepo kukacha. Mutu umaleka kubwereza nkhani ukadziwa kuti yasungidwa penapake.

Chenjezo limodzi: mbaula yoyaka musagone nayo m'nyumba yotseka, kuzizire chotani. Mpweya wa makala suoneka, sununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Ndilibe ndalama ya jimu. Kuyenda pansi n'kokwanira?

N'kokwanira. WHO imalangiza akuluakulu mphindi zosachepera 150 pa sabata za zinthu zotulutsa kathukuta, kutanthauza mphindi 30 kwa masiku 5. Kuyenda mofulumirirako kumatsitsa nkhawa ndiponso kumakometsa tulo. Ngati mumagwira ntchito mu tauni, tsikani siteji imodzi musanafike. Magalimoto akathithikana pa Great East kapena pa msewu wa Kafue, woyenda pansi nthawi zina amafika woyamba. Mukapeza mnzanu woyenda naye simujomba, chifukwa amakudikirani pakona. M'madzi odikha musapondemo, ndipo mukafika sambani m'manja: kolera ya 2023 mpaka 2024, yomwe inasandutsa bwalo la Heroes kukhala chipatala n'kuchedwetsa kutsegulira sukulu, inafala m'nyengo ngati ino.

Koma langizo ili si la aliyense. Mayi amene amadzuka 4 koloko kukaoda tomato ku Soweto, kapena mnyamata wokankha wilibala tsiku lonse, thupi lake latopa kale. Iyeyo chomwe akusowa ndi theka la ola lokhala pansi popanda womuitana.

Kodi chakudya chimakhudza maganizo?

Inde, koma osati monga amanenera ogulitsa timabotolo ta mankhwala odula. Njala imabweretsa ukali, chizungulire ndi kunjenjemera, zomwe munthu amaziyesa nkhawa. Ambiri amachoka kunyumba osalawa kanthu, masana chitumbuwa ndi chakumwa cha shuga, usiku nsima yambiri n'kugona nayo. Ikani kanthu m'mimba m'mawa, kaya phala lotendera, kaya mkute. Ubwino wa mwezi uno ndi wakuti ndiwo zamasamba zili mbwee ndipo n'zotchipa: chiwawa, bondwe, kalembula, lumanda, delele. Onjezani nyemba, nshawa, kapenta kapena dzira pomwe mwakwanitsa. Kuchepa kwa magazi kumabweretsa kutopa, befu ndi kugunda kwa mtima, makamaka kwa amayi, ndipo ku kiliniki amayeza ndi kadontho ka magazi a pachala.

Vuto langa ndi ndalama. Zonse mukunenazi zingandilipirire lendi?

Sizingalipire, ndipo aliyense wokuuzani kuti umphawi ndi nkhani ya kaganizidwe chabe akukunyozani. Koma nkhawa ya ndalama ili pawiri: ngongole yeniyeniyo, ndi mantha osadziwa kuti zonse pamodzi ndi zingati. Mbali yachiwiriyi mungaichepetse lero. Tengani kope la mwana lotsala masamba, lembani aliyense amene muli naye ngongole, ndalama zake ndi tsiku lobweza: mwininyumba, wa kantemba amene amakukongozani pamela, chilimba, gulu la banki ya m'mudzi, wa kaloba, ngongole ya pafoni. Ambiri amaopa kuphatikiza, koma nambala yolembedwa, ikule chotani, siisowetsa tulo ngati yosadziwika. Yambani kubweza yomwe ikubereka chiwongoladzanja msanga, yomwe kawirikawiri imakhala ya kaloba, ndipo musatenge kaloba wina kuti mubweze woyambayo.

Pitani kwa amene akukufunani asanabwere yekha. Kuzimitsa foni, kutuluka kusanache, kudzera kanjira kakuseri poopa kukumana ndi mwininyumba, zimenezi zimatopetsa mtima tsiku ndi tsiku kuposa kukalipiridwa kamodzi. Gogodani, khalani pansi, nenani: "Amayi, lendi yonse sindikwanitsa pa 5. Ndibweretsa theka, yotsalayo pa 20." Mwina akalipa, koma mawa lake mudzadutsa pageti mutadzutsa mutu. Tsiku lomwe mwatchulalo lisungeni.

M'banja, nkhani za ndalama zipatseni nthawi yake, mphindi 20 madzulo kukadawala, osati pogona. Mwamuna amene amabisira mkazi wake ngongole amasenza katundu kawiri, ngongoleyo ndi bodza lake. Ndipo poti kuyambira 2022 m'sukulu za boma simulipira fizi, musadzipanikize ndi zotsalazo: nsapato za pa salaula kapena yunifomu ya mkulu wake si zamanyazi.

Achibale akumudzi amandiyesa wolemera chifukwa ndili ku Lusaka. Ndikane bwanji osadana nawo?

Kumudzi Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala: nkhokwe zatha, chimanga sichinache. Akamapempha sikuti akukuyesani dala. Koma inunso simungathe zonse. Chomwe chimadwalitsa ambiri si kutumiza, koma kulonjeza zomwe alibe. "Ndiona." "Nditumiza mawa." Kenako nambala yakumudzi ikaoneka pafoni, mtima uli thithithi, foni n'kuitembenuza chafufumimba.

Nenani zoona, mwaulemu ndiponso msanga: "Amalume, mwezi uno ndikwanitsa thumba limodzi la Urea basi. Lachiwiri musandiyembekezere, funani njira ina nthawi ikadalipo." Akhumudwa lero, koma chibale ndi fupa, sichiola. Ngati abale a mimba imodzi mulipo angapo mu tauni, gawanani poyera: wina feteleza, wina mankhwala a ambuye, wina za sukulu, kuti katundu asagwere woyamba kubadwa yekha. Nthawi zina imbani foni popanda nkhani ya ndalama, kungofunsa za mvula ndi ng'ombe. Inunso mumafunika kumva mawu akwanu osayamba ndi pempho.

Kabotolo kamodzi madzulo kamandithandiza kuiwala ndi kugona. Pali vuto?

Mowa umagonetsa msanga koma umaononga tulo ta mbandakucha. Mumadzuka 3 koloko kukhosi kuli gwa, mtima ukugunda, nkhawa itabwerera yochuluka. Umafooketsa ubongo, choncho munthu wovutika kale maganizo amamira nawo kwambiri. Boma linaletsa tujilijili mu 2012 litaona momwe tinkaonongera achinyamata, koma mowa waukali wotchipa sunathe. Unangosamukira m'timabotolo, ndipo kachasu akadatchezedwa m'makomboni.

Dziyeseni motere: sankhani masiku 3 pa sabata osalawa dontho. Ngati zikukanika, kapena mumafuna kabotolo m'mawa kuti manja aleke kunjenjemera, mowawo wakugwirani ndipo mukufunika thandizo, osati kudzudzulidwa. Apa pali chinthu chomwe ambiri sadziwa. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse asasiye mwadzidzidzi yekha kunyumba chifukwa cha lonjezo la chaka chatsopano. Akhoza kukomoka n'kumaphupha ngati wakhunyu, kuona zinthu zomwe palibe, ngakhale kufa kumene. Apite kuchipatala akamuthandize kusiya ndi mankhwala. Chamba nachonso si chopepuka monga anyamata amauzirana: kwa ena, makamaka oyamba ali aang'ono, chimautsa misala.

Nanga foni ndi kubetcha mpira?

Pa Facebook ndi TikTok mwezi uno padzaza zithunzi za ku Siavonga ndi ku Livingstone, magalimoto atsopano, maukwati. Palibe amene amajambula kope lake la ngongole. Ngati mukatseka foni mumadziona wotsalira, chotsani anthu omwe amakuchititsani zimenezo, ndipo magulu a WhatsApp omwe amangotumiza zithunzi za ngozi ndi mikangano ya ndale atsekeni mawu. Ola lomaliza musanagone ndi theka la ola loyamba mukadzuka zikhale zopanda foni.

Kubetcha n'koopsa kwambiri mu Januwale, chifukwa wosowa ndalama ndiye amakhulupirira kuti K10 ibereka lendi. Masewerawa anakonzedwa kuti kampani ipindule. Timu imodzi ikakuphonyetsani tikiti, mumamva ngati munatsala pang'ono, ndipo kumva kumeneko ndi komwe kumakubwezani mawa. Zizindikiro zoti zafika poipa ndi izi: kubetcha kuti mubweze zomwe mwaluza, kukongola kuti mubetche, kunama kunyumba. Chotsani pulogalamuyo pafoni, malipiro akalowa perekani za lendi ndi ufa tsiku lomwelo, ndipo uzani munthu mmodzi zoona zake.

Amati ndizilankhula ndi munthu. Koma mu komboni nkhani siichedwa kuwanda. Ndiuze ndani?

Mantha amenewa ndi omveka. Mukauza munthu wolakwika, mawa nkhani yanu ili pampopi. Simukufunika gulu, mukufunika munthu mmodzi, ndipo mumudziwa ndi momwe amasungira nkhani za ena. Amene amakubweretserani zinsinsi za anzake adzapititsanso zanu. Akhoza kukhala azakhali, ankhoswe, mnzanu wa ku kwaya, mkulu wa mpingo, kapena mlangizi wa ku kiliniki, amene ntchito yake imamulamula kusunga chinsinsi. Yambani ndi kachidutswa, muone ngati kabwerera kwa inu kudzera kwa ena. Muuzeninso chomwe mukufuna: "Achemwali, sindikufuna ndalama kapena malangizo, mungondimvetsera."

Kumvetseredwa si chinthu chachabe. Ku Harare, dokotala wa maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa kumvetsera amakhala pabenchi panja pa kiliniki n'kumathandiza munthu kusanthula mavuto ake limodzilimodzi. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti omwe anacheza ndi agogowa anapeza bwino kuposa omwe analandira chithandizo cha nthawi zonse. Ngati mulibiretu munthu, nambala ya 933 ya Lifeline Zambia ndi yaulere, ndipo amene akuyankhaniyo sakudziwani.

Kwa abambo ndinenepo mwapadera. Tinaleredwa ndi mawu akuti mwamuna salira, ndipo pa maliro timakhala panja pamoto kukamba za mpira ndi ndale mpaka kucha. Padziko lonse amuna ndi omwe amadzipha ambiri kuposa akazi. Ngati kukhala maso ndi maso kukuvutani, lankhulani mukuyenda, mukukonza galimoto, mukusewera nsolo. Ndipo mnzanu amene wasiya kubwera pomwe mumakumana, musangoti watanganidwa. Mupiteni kunyumba.

Kodi pemphero si lokwanira? Mpingo wathu uli pa kusala kudya mwezi uno.

Pemphero, nyimbo ndi kusonkhana ndi abale a mumpingo zimalimbitsa anthu ambiri, ndipo palibe chifukwa chozisiyira. Cholakwika ndi kuuza wodwala kuti akuvutika chifukwa chikhulupiriro chake n'chochepa, kapena kumulamula kutaya mankhwala posonyeza kuti wachira. Wa malungo timamupempherera tikupita naye kuchipatala, ndipo wovutika maganizo tizimuchitiranso chimodzimodzi.

Za kusala kudya: ngati muli pa mankhwala a maganizo, a khunyu, a shuga, a BP kapena ma ARV, ngati muli ndi pakati kapena mukuyamwitsa, funsani kaye ku kiliniki, ndipo mankhwala musadumphitse. Kuchezera usiku motsatizana kumatha kudzutsa matenda mwa munthu amene anadwalapo misala. Abusa abwino amamvetsa mukawauza kuti, "Abusa, ine ndisala zina, koma mankhwala ndizimwa ndipo ndizigona."

Nthawi zina mtima umagunda kwambiri, mpweya umandithera, ndimaona ngati ndifa. N'chiyani?

Koyamba pitani mukayezetse BP, shuga ndi magazi, makamaka ngati chifuwa chikupweteka. Akapeza kuti zonse zili bwino, n'kutheka kuti ndi mantha obwera mwadzidzidzi, omwe amakula kwa mphindi zingapo kenako n'kutsika okha. Amaopsa koma sapha. Zikayamba, kaya muli mu minibasi yodzaza, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, utulutseni pang'onopang'ono ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6, ndipo bwerezani kwa mphindi zingapo. Kutulutsa mpweya motalikitsa ndiko kumatsitsa kugunda kwa mtima. Pondani pansi mwamphamvu, tchulani mumtima zinthu 5 zomwe mukuona. Yesererani masiku omwe muli bwino kuti thupi lizolowere. Musayambe kuthawa basi, msika kapena tchalitchi chifukwa zinakuchitikirani kumeneko, poti kuthawako kumakulitsa manthawo.

Ndidziwa bwanji kuti zizolowezi zokha sizikukwanira?

Chisoni cha maliro, cha kutha kwa ntchito kapena kwa banja n'chachibadwa. Koma ngati kwa masabata 2 kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lililonse, mtima uli wosweka, zomwe munkakonda sizikukomanso, chakudya sichikulowa, tulo tasowa kapena mukungogona, mukudziona wopanda pake, ntchito ikukukanikani, amenewo akhoza kukhala matenda ovutika maganizo. Si ulesi, ndipo kuuzidwa kuti "limbani mtima" sikuwachiza. Ambiri kuno samva ngati chisoni, amamva m'thupi: mutu wosatha, kutentha pamutu, kuphwanya kwa thupi, ndipo amatha miyezi akugula mankhwala opha ululu.

Musadikire masabata 2 ngati munthu akumva mawu omwe ena sakumva, akukhulupirira kuti akumulondalonda, watha masiku osagona koma ali ndi mphamvu zodabwitsa ndipo akumwaza ndalama, kapena wasokonezeka mwadzidzidzi thupi likutentha. Ameneyo apite lero lomwe. Musamumange, musamumenye.

Mayi amene wangobereka kumene muziyang'anitsitsa. Kulira ndi kukhumudwa masiku oyambirira kumachitika ndipo kumatha. Kukapitirira masabata 2, kapena akamaopa kukhala yekha ndi khanda, apongozi ndi amuna ake asamunene kuti ndi waulesi. Amuperekeze ku sikelo akafotokoze.

Yambirani pa kiliniki ya m'dera lanu kapena zipatala za Chawama, Kanyama, Matero, Chilenje ndi komboni ya Chipata. Iwo ndi omwe amatumiza kuchipatala chachikulu cha UTH kapena ku Chainama pakafunika.

M'bale wanga wanena kuti kuli bwino kufa. Ndichite chiyani?

Musaseke, musakalipe, musamuuze kuti ndi tchimo basi n'kuchokapo. Mufunseni mosazungulira: "Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?" Kufunsa sikumupatsa maganizowo, m'malo mwake ambiri amapepukidwa kuti wina wamva. Akavomera, musamusiye yekha, ndipo musalonjeze kusunga chinsinsi. Chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe, ophera tizilombo ndi udzu, omwe nyengo ya dzinja ino amapezeka paliponse, komanso mapilisi ambiri ndi zingwe. Maganizo odzipha amabwera mwamphamvu kwa nthawi yochepa, ndipo ngati chida chili kutali nthawiyo imadutsa munthu akadali moyo. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, kapena imbani 933 muli naye pomwepo. Ngati wamwa kale kanthu, musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta. Thamangani naye kuchipatala mutanyamula botolo la chomwe wamwacho.

Ngati amene akuganiza zimenezi ndi inuyo, uzani munthu mmodzi lero, usiku usanafike.

Nanga ana? Zotsatira za mayeso zatuluka ndipo wanga sanakhoze.

Mwezi uno ndi wolemera kwa ana a Giredi 12 omwe akudikira kapena alandira zotsatira. Mwana amene sanakhoze akudziwa kale kuti mwakhumudwa. Kumuyerekeza ndi wa aneba kapena kumuwerengera ndalama zomwe munaononga sikusintha zotsatira. Mayeso amalembedwanso, ndipo masukulu a ntchito zamanja alipo. Muuzeni kaye kuti, "Mwanawe, ukadali mwana wanga, tikambirana zochita mawa." Mwana wovutika maganizo kawirikawiri saoneka wachisoni. Amakwiya msanga, amadzitsekera, amadandaula m'mimba nthawi ya sukulu ikakwana. Chizolowezi chosavuta ndi kudyera pamodzi nsima yamadzulo TV itazima, n'kumufunsa funso lomwe sangayankhe ndi "bwino" basi. Ana ali ndi nambala yawo yaulere, 116, ndipo ndi bwino aidziwe pamtima.

Ndikafika ku kiliniki ndikanene kuti chiyani?

Pamzere pamakhala anthu ambiri ndipo nthawi ndi yochepa, choncho mukangoti "mutu ukundiwawa" mubwerako ndi mapilisi a mutu. Konzekerani ziganizo zitatu: chomwe mukumva, chinayamba liti, ndi chomwe chikukulepheretsani. Mwachitsanzo: "Adokotala, patha mwezi sindikugona, ndimaganiza kwambiri, ndasiya kupita kumsika, ndipo nthawi zina ndimafuna nditangofa." Pemphani kuonana ndi woona za maganizo kapena mlangizi. Nenani zoona za mowa ndi chamba. Nyamulani mankhwala onse omwe mukumwa, azitsamba omwe, chifukwa ena amasokoneza tulo ndipo ena sagwirizana. Ngati mawu amakutherani pamaso pa dokotala, lembani papepala kapena pitani ndi m'bale amene mumamukhulupirira.

Si onse amapatsidwa mapilisi, ena amathandizidwa ndi uphungu wokha. Mukapatsidwa mankhwala a matenda ovutika maganizo monga fluoxetine kapena amitriptyline, dziwani kuti sagwira tsiku lomwelo. Amatenga masabata 2 mpaka 4, nthawi zina kuposerapo, ndipo amamwedwa miyezi ingapo ngakhale mutayamba kupeza bwino. Masiku oyamba akhoza kuumitsa m'kamwa, kuchititsa nseru kapena kugonetsa. Funsani tsiku lobwereranso, lilembeni kuseri kwa khadi, ndipo mankhwala akakuvutani bwererani tsikulo lisanakwane m'malo mongowasiya.